Kodi n'chifukwa chiyani munthu wa ku Ireland amakana kutchedwa Mngerezi?

Mphunzitsi wa ku Chilomoni:

Moni nonse. Safunsa anadya phula, choncho ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira Loweruka lapitali. Kusukulu kumene ndimaphunzitsa kwabwera mzungu wina wachikulire amene akuthandiza ntchito yokonza laibulale, ndipo ndinamuitana kunyumba kudzadya nkhomaliro. Mayi a kunyumba anaphika nsima ya nkhuku, ndiponso mbatata ya kachewere imene ndinagula kumsika wa Limbe m'mawa mwake. Pomudziwitsa kwa apongozi anga ndinanena kuti mlendoyu ndi Mngerezi, poti chilankhulo chake ndi Chingerezi. Bamboyo anaika pansi nthongo ya nsima imene anali atatema kale, ndipo anandiwongolera mwaulemu, komabe nkhope itasintha, kuti iye kwawo ndi ku Cork m'dziko la Ireland ndipo si Mngerezi ngakhale pang'ono. Kenaka analoza mbale ya kachewere ija nanena kuti nkhani yake ndi yaitali ndipo yagona pa mbatatayo, koma sanapitirize chifukwa apongozi anga anali atayamba kale kumufunsa za ana ake. Ine ndinachita manyazi osafunsanso. Ndiye ndikupempha amene mukudziwa mbiri mundifotokozere chimene chinachitika pakati pa Angerezi ndi anthu a ku Ireland, popeza ife kuno azungu onse olankhula Chingerezi timangowaika mu dengu limodzi.

Gogo wopuma ntchito wa ku Ndirande:

Aphunzitsi, munaponda pachilonda, ngakhale kuti simunadziwe. Ndinaphunzitsa mbiri yakale zaka zambiri, ndipo maganizo anga ndi akuti chidandaulo cha anthu a ku Ireland ndi cha malo choyamba, chipembedzo n'kubwera pambuyo. Kuyambira mu 1609 mafumu a ku London anayamba kulanda minda ya eni nthaka kumpoto kwa chilumba cha Ireland, m'chigawo cha Ulster, n'kumaipereka kwa Apulotesitanti ochokera ku England ndi ku Scotland. Mu 1649 Oliver Cromwell, mtsogoleri wankhondo wa ku England, anafika ndi asilikali ake, napha anthu ochuluka m'matawuni a Drogheda ndi Wexford, ndipo nkhondo itatha minda inanso yambiri inalandidwa. Kenaka kunabwera malamulo oletsa Akatolika, omwe anali ochuluka kwambiri m'dzikomo, kulowa m'nyumba ya malamulo, kugula malo, ngakhale kukhala ndi hatchi ya mtengo woposa mapaundi 5. Mkatolika akamwalira munda wake unkagawidwa kwa ana ake onse aamuna, pokhapokha mwana wamkulu atasiya mpingo wake, pamenepo yekhayo ankatenga zonse. Tangoganizani lamulo lolowa pakati pa abale a bere limodzi motere. Mu 1801 nyumba ya malamulo ya ku Dublin inali itathetsedwa, ndipo Ireland inayamba kulamulidwa kuchokera ku London.

Zotsatira zake zinali zakuti munthu wamba ankalima m'munda wa makolo ake monga mlendo, akulipira lendi kwa mwinimunda amene mwina ankakhala ku London osapondako n'komwe. Amene agogo awo anagwirapo thangata m'maesiteti a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje sakusowa kuwafotokozera zambiri apa. Tirigu, ng'ombe ndi batala zinali zogulitsa kuti lendi ipezeke, pamene banja linkadalira kachigawo kakang'ono ka kachewere, chifukwa mbatatayi imabereka zambiri pa malo ochepa. Mbewuyi kwawo kwenikweni ndi ku South America, koma inakhazikika ku Ireland mpaka dzina la dzikolo linaimamatira, n'chifukwa chake ogulitsa a ku Lizulu amaitchula kuti airishi.

Mu 1845 chiwawu chinagwira mbatata, ndipo anthu pokumba ankapeza zowola zokhazokha, zakuda ndi zonunkha. Matendawa anabwereza zaka zotsatira, njala inakhalapo mpaka cha m'ma 1852. Pa anthu oposa 8 miliyoni amene anali pachilumbachi mu 1841, pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso pafupifupi 1 miliyoni anakwera zombo kupita ku America, Canada ndi Liverpool. Mpaka lero chiwerengero cha anthu pachilumba chonsecho sichinabwerere pamene chinali njala isanafike. Chimene chimawawa mtima kwambiri n'chakuti m'zaka zimenezo zombo zodzaza ndi ng'ombe ndi mbewu zinkachokabe m'madoko a ku Ireland, komanso mabanja olephera kulipira lendi ankatulutsidwa m'nyumba, denga n'kugwetsedwa kuti asabwereremo. Mu 1847 panaikidwa lamulo lakuti wokhala ndi munda woposa kota ya ekala asalandire thandizo, kotero munthu ankayenera kusankha pakati pa munda ndi phala. Mkulu wa boma amene ankayang'anira thandizoli, Charles Trevelyan, ankakhulupirira kuti boma lisasokoneze msika, ndipo dzina lake likutchulidwabe ndi mkwiyo kumeneko.

Pali kanthu kena kamene kamandikhudza monga Mmalawi. Nduna yaikulu ya Britain, Robert Peel, inagula chimanga ku America cha mapaundi 100,000 kuti chithandize anjala, koma anthu a ku Ireland sankachidziwa chimanga. Analibe mtondo ndi munsi, sankadziwa kukonola kapena kuviika mphale, zigayo zawo zinali za tirigu, ndipo ambiri amene anadya chimanga chosagayidwa bwino ndi chosapsa anatsegula m'mimba. Chakudya chimene mwana aliyense wamkazi wa ku Ndirande amachidziwa kuchikonza chinasanduka chozunza anthu kumeneko. Mlendo wanu uja, potema nsima panyumba panu, mwina ankaganiza zimenezi.

Mayi wa ku Chimwankhunda:

Zikomo agogo chifukwa cha kufotokoza kwanu. Ine ndiwonjezere za chilankhulo, chifukwa aphunzitsi anasokonezeka ndi Chingerezi cha mlendo wawo. Anthu a ku Ireland ali ndi chilankhulo chawochawo chimene amachitcha Gaeilge, chosafanana n'komwe ndi Chingerezi, ndipo njala ija inapha ndi kubalalitsa makamaka anthu osauka a kumadzulo amene ankachilankhula tsiku ndi tsiku. M'masukulu ena a nthawi imeneyo mwana ankavala kamtengo m'khosi, ndipo akalankhula chilankhulo cha kwawo ankakalemba mzere kuti alangidwe molingana ndi kuchuluka kwa mizereyo. Makolo ena ankavomereza zimenezi poona kuti mwana wodziwa Chingerezi ndiye adzapeze ntchito ku America. Ine nditamva izi kwa asisitere a ku Ireland amene anatiphunzitsa ndinakumbukira kuti nafenso tinkapatsidwa chilango chotchetcha udzu tikagwidwa tikulankhula Chichewa pasukulu, ndipo amene ankatigwira anali Amalawi anzathu. Mu 1893 kunakhazikitsidwa bungwe la Gaelic League lofuna kudzutsa chilankhulochi, ndipo zisanatero mu 1884 kunali kutayambika bungwe la GAA loteteza masewera awo monga hurling, mpira womenya ndi ndodo. Ambiri mwa amene anadzamenyera ufulu anakulira m'mabungwe amenewa.

Pa 24 Epulo 1916, Lolemba la Pasaka, gulu lotsogozedwa ndi Patrick Pearse ndi James Connolly linalanda positi ofesi yaikulu ya mumzinda wa Dublin n'kulengeza kuti Ireland ndi dziko lodziimira palokha. Sanathe ngakhale sabata asanagonje, ndipo anthu ambiri a mumzindawo poyamba anawanyoza chifukwa cha nyumba zimene zinawonongeka. Chimene chinasintha mitima ndi kuphedwa kwa atsogoleri, 14 mwa iwo powomberedwa m'ndende ya Kilmainham m'mwezi wa Meyi. Connolly anali atavulala kwambiri mwendo moti sankatha kuima, ndiye anamumangirira pampando n'kumuwombera ali chikhalire. Pofika chisankho cha 1918 chipani cha Sinn Féin, chofuna ufulu wa Ireland, chinapeza mipando 73 mwa mipando 105 ya ku Ireland m'nyumba ya malamulo ya ku London. Mukaika pambali pa izi nkhani ya John Chilembwe, amene anaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915 kuchokera ku Mbombwe ndipo anaphedwa pasanathe masabata awiri, muona kuti zinachitika motalikirana chaka chimodzi chokha, pansi pa mfumu imodzi yomweyo ya ku London.

Wowerengera ndalama wa ku Limbe:

Pepani agogo ndi mayi, koma ndikuona kuti nkhaniyi mwaipendeketsa mbali imodzi, ndipo aphunzitsi akhoza kukalakwitsanso kwa mlendo wina. Choyamba, si aliyense wochokera pachilumbachi amene amakana kutchedwa wa ku Britain. Nkhondo yomenyera ufulu wa Ireland ya 1919 mpaka 1921 itatha, pangano la mu Disembala 1921 linapereka ufulu kwa maboma 26 okha, pamene maboma 6 a kumpoto anatsala mu ulamuliro wa United Kingdom mpaka lero. Kumpotoko kuli anthu ambiri, zidzukulu za Apulotesitanti aja a m'ma 1600, amene akhala kumeneko zaka 400 ndipo amanyadira mfumu ya ku London. Ambiri a iwo ndi a mpingo wa Presbyterian wa mizu ya ku Scotland, kumene kunachokeranso amishoni amene anayambitsa Blantyre Mission mu 1876. Munthu wotereyu mukamuuza kuti dziko lake ndi lolandidwa, ndiye kuti mwamuyamba dala.

Chachiwiri, pa nkhani ya njala, akatswiri a mbiri anaonetsa kuti kuyambira mu 1847 chakudya cholowa mu Ireland chinaposa chotuluka, ndipo chaka chimenecho boma linkadyetsa phala anthu pafupifupi 3 miliyoni tsiku lililonse kwa miyezi ingapo. Mlandu wa boma la London ndi wakuti linatseka thandizoli msanga n'kusiya katundu yense pamutu pa dziko lanjala lomwelo, ndipo umenewu ndi mlandu waukulu ndithu, koma tiutchule monga momwe ulili.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chimene ine Mwafirika sindingachiiwale, anthu a ku Ireland ochuluka anatumikira ufumu wa Britain monga asilikali, apolisi ndi akuluakulu a boma m'maiko a atsamunda. Bwanamkubwa wa chigawo cha Punjab ku India pamene anthu mazanamazana anawomberedwa ku Amritsar mu 1919, Michael O'Dwyer, anali Mkatolika wa ku Ireland. Ndiponso m'zaka pafupifupi 30 za ziwawa za kumpoto, zimene zinapha anthu oposa 3,500, si asilikali a Britain okha amene anakhetsa magazi. Mabomba a IRA, gulu la zida lofuna Ireland imodzi yosalamulidwa ndi Britain, anapha anthu wamba m'mabala ndi m'misewu, ndipo magulu a zida a Apulotesitanti nawo anapha Akatolika osalakwa.

Gogo wopuma ntchito wa ku Ndirande:

Achimwene a ku Limbe, zonse mwanenazi ndi zoona ndipo sinditsutsa. Munthu wopanda munda amalowa usilikali wa amene anamulanda mundawo, monga momwe agogo athu anamenyera nkhondo za Angerezi mu King's African Rifles mpaka ku Burma, ndipo chipilala chawo chilipo ku Zomba. Zimenezo sizifafaniza thangata. Ndingowonjezera kuti pa 30 Januwale 1972 asilikali a Britain anawombera anthu opanda zida amene ankachita chionetsero mumzinda wa Derry, 13 anafa tsiku lomwelo, ndipo abale awo anadikira mpaka 2010 kuti nduna yaikulu David Cameron ipepese m'nyumba ya malamulo. Ife anthu athu a ku Nkhata Bay amene anawomberedwa pa 3 Malichi 1959 timangowakumbukira tokha chaka ndi chaka. Dzina lenilenilo la mzinda wa Derry uja ndi mkangano, poti ofuna Ireland imodzi amati Derry pamene okonda Britain amati Londonderry, choncho mukamva mmene munthu wautchulira mwadziwa kale mbali yake.

Pangano la Lachisanu Loyera la pa 10 Epulo 1998 linathetsa mbali yaikulu ya ziwawa za kumpotozi, ndipo mwa zina linavomereza kuti wobadwira kumpoto ali ndi ufulu wodzitcha wa ku Ireland, wa ku Britain, kapena zonse ziwiri. Mu 2011 Mfumukazi Elizabeth inapita ku Dublin n'kukaika nkhata ya maluwa pamalo okumbukira amene anafa pomenyana ndi ufumu wa makolo ake, n'kuweramitsa mutu. Koma mlendo wa aphunzitsi ndi wa ku Cork, kumwera kwenikweni, kumene asilikali a Britain anatentha pakati pa mzinda mu Disembala 1920, ndiye pa iyeyu palibe chokayikitsa.

Mphunzitsi wa ku Chilomoni:

Ndathokoza kwambiri agogo, mayi ndi achimwene. Dzulo titaweruka ndinamupeza bamboyo akusanja mabuku, ndipo ndinapepesa n'kumuuza kuti tsopano ndamva za 1845 ndi za kamtengo ka m'khosi. Anaseka nanena kuti sanakwiye, kungoti mayi ake akanadzuka m'manda akanamva kuti mwana wawo watchedwa Mngerezi iye n'kukhala chete. Nditamufotokozera za chimanga cha Peel anandifunsa mmene ife timachikonzera kuti chisapweteke m'mimba, ndiye Loweruka likudzali abweranso kunyumba. Mayi a kunyumba abwereka kale mtondo kwa aneba, ndipo apongozi anga akuti munsi adzagwira mlendoyo.