Tichotse bwanji matope m'mapaipi a suweji mvula isanagwe?

Anzanga ogwira ntchito za suweji kuno ku Britain, ndithandizeni. M'mapaipi akale onyamula zonyansa pamodzi ndi madzi a mvula, monga a ku London, mvula ikasowa madzi amayenda pang'onopang'ono, osafika mita imodzi pa sekondi. Mchenga umakhazikika pansi, pamwamba pake n'kuyalana matope ofewa a m'zimbudzi ndi mafuta. Chimvula chikagwa, madzi oyamba amakokolola matopewo n'kusefukira mumtsinje, okosijeni n'kuchepa, nsomba n'kufa. Mchengawo umatsalira, n'kumapanikiza njira.

Pa paipi ya mamilimita 900 yosatsetsereka kwenikweni, chabwino n'chiti: geti yosunga madzi n'kuwamasula kamodzi, kapena jeti, makina otsuka paipi popopera madzi mwamphamvu? Getiyo ndikuikayikira pa mchenga wogwirana kale. Nanga kuya kwa matope mumayeza bwanji paipi ili ndi madzi?