Kasitomala akuti mpope wa mfuti wa mizere ukumwaza zipolopolo, akufuna ndalama zake

Yamikani: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndabwera ndi nkhani ya kuntchito, ku sitolo yathu ya mfuti, ndigawireni nzeru. Mwezi watha tinagulitsa mpope wa mizere mkati wa mfuti ya Mossberg 500, wa 12 gauge (muyeso wa kukula kwa bowo la mpope), uja sikopu (galasi lolunjikira) imamangidwa pa mpope pomwepo. Anagula ndi bambo ena achikulire, mlimi wa chimanga ndi soya kunja kwa Toledo kuno. Lero abwera ndi mapepala a chandamale m'manja, nkhope ili gwaa. Pa mayadi 100 mabowo ali balalabalala, zipolopolo zina sizinakhudze n'komwe pepala. Akuti mpopewo ndi wokhota, tiwabwezere ndalama. Abwana andisiyira ine nkhaniyi. Kusaka mbawala ndi mfuti kuno ku Ohio kukuyamba Lolemba lotsatira Thanksgiving, tchuthi cha chakumapeto kwa Novembala, ndiye masiku atsala owerengeka. Ndiyambire pati?

Nabanda: Usanakhudze mpope, funsa kaye zipolopolo zomwe anaombera. Mabokosi ali nawo?

Yamikani: Abwera nawo, achemwali. Atatu ndi a rifled slug (slug ndi chipolopolo chimodzi chachikulu), za 1 oz, zotchipa zija. Anagula okha ku sitolo ina. Akuti zoyambirira zinkagwa pafupipafupi, kenako zinayamba kubalalika. Mnzawo atawauza za zipolopolo za mtundu wa sabot anagula bokosi limodzi, koma nazonso sizinachite bwino. Ndiye pomwe atsimikizira kuti vuto ndi mpope.

aPhiri: Mphwanga, chotsa mpopewo, uuloze kuwala, usuzumire kuchokera kumbuyo. Ndikukhulupirira kuti upeza mizere yakwiririka ndi zinthu zotuwa zonyezimira. Umenewo ndi mtovu.

Bambowo asokonezedwa ndi zolembedwa pa bokosi, ndipo si oyamba. Munthu akagula mpope wa mizere n'kuona bokosi lolembedwa rifled, amati zapezana. Koma zipolopolo zimenezo ndi za mtundu wa Foster, zomwe Karl Foster anapanga mu 1931, ndipo anazipangira mpope wosalala. Ndi mtovu wofewa, wamphako kumbuyo, wolemera kumutu, ndiye chimauluka chowongoka ngati muvi popanda kudalira kuzungulira. Timizere timene mumationa m'mbali mwake ntchito yake yeniyeni ndi kuphwanyika kuti chipolopolo chidutse bwino pa choke, pomwe mpope umachepa kukamwa. Ukachiponya mu mpope wa mizere sichiphulitsa mfuti, ayi, koma mizere ija imachipala, mtovu n'kumatsalira. Mabokosi atatu ndi zipolopolo 15. Pofika pa sabot mizere inali itadzaza kale, pulasitiki inalibe poluma.

Sabot ndi nkhani ina. Chipolopolo chenicheni ndi chaching'ono kuposa mpope, chavekedwa chikhokho cha pulasitiki. Pulasitikiyo ndi imene imagwira mizere, n'kuzungulitsa chipolopolo, kenako imagwa yokha chikangotuluka. Mpope wa bambowo anaupangira zimenezi.

Yamikani: Ndasuzumira, amalume. Mizere ikuoneka pang'ono chabe cha kumbuyoku, yonse yatuwa. Ndichotsa bwanji? Mankhwala athu otsukira a pa shelefu akwanira?

aPhiri: Mankhwala okha ugona pomwepo. Nyowetsa mkati, usiye kwa mphindi zingapo, kenako utenge burashi ya 12 gauge yomwe yatha pang'ono, uyikulunge ndi tizingwe ta kawaya kotsukira mapoto ka mkuwa. Koma yamba wakayesa ndi maginito. Kambiri ka m'masitolo ndi chitsulo chongopaka mkuwa pamwamba, kakakanda mpope wa kasitomala n'kukuika m'mavuto enieni. Kakakana maginito, ndi komweko. Yala pepala loyera pansi, uona tizidutswa ta mtovu tikugwa. Pitiriza mpaka kansalu katuluke koyera. Uvale magolovesi, usambe m'manja usanadye.

Ukabweza mpope, manga sikuluwu yomangira mpope kumapeto kwa magazine (posungira zipolopolo) mpaka ilimbe, ndipo uyang'ane masikuluwu onse a sikopu. Mfuti za slug zimagwedeza chilichonse chomangidwa. Pa mfuti ya pampu ngati imeneyi mpope umakhala ndi kampata pang'ono pomwe walowera, n'chifukwa chake sikopu amaimangira pa mpope. Sikuluwuyo ikakhwefuka, ngakhale zipolopolo zabwino zimasochera.

Nabanda: Ndiwonjezere za kaombedwe, poti ku renji kuno, malo oyesera kuombera, mwezi uno ndikuona zomwezi tsiku ndi tsiku. Anthu amaika mfuti ya slug pa thumba la mchenga, dzanja lamanzere n'kulibweza pachifuwa monga amachitira ndi rifle. Slug imachedwa kutuluka, ndiye mpope umayamba kudumpha chipolopolo chikadali mkati. Awuze agwire chogwirira chakutsogolo mwamphamvu, achikokere pansi ndi kuphewa, mofanana nthawi zonse. Ayambire pa mayadi 50, osati 100. Aombere zitatu, apume, mpope uzizire.

China ndi phewa. Munthu amene waombera zipolopolo 20 za 12 gauge tsiku limodzi amayamba kutsinzina ndi kunjenjemera asanakoke. Iye sadziwa, koma ukaima pambali umaona mutu ukudzuka. Mabowo ena pa pepala lija ndi a mantha, osati a mtovu.

Yamikani: Zamveka. Tsono ndiwapatse zipolopolo ziti? Pa shelefu tili ndi Hornady SST, Remington AccuTip, Federal Trophy Copper ndi Lightfield pang'ono.

aMwale: Apatse SST basi. Kulemera magireni 300, liwiro mafiti 2,000 pa sekondi. Mlimi wa soya amasaka m'mphepete mwa munda, mbawala imatulukira kutsidya, patali. Akufunika chipolopolo chosagwa msanga. Alenje amene ndimawaperekeza ambiri amanyamula zimenezo.

aPhiri: Achimwene aMwale, SST ndi zabwino, sindikutsutsa, koma sindingalonjeze kasitomala wokwiya kale kuti mfuti yake izikonda. Mipope yambiri ya 12 gauge ya pa mapampu mizere yake imapota pang'onopang'ono, kuzungulira kamodzi pa mainchesi 35 kapena 36. Yerekezani ndi Savage 220 ya 20 gauge imene imazungulira kamodzi pa mainchesi 24. Pa benchi yanga ndaona mipope yopota pang'onopang'ono ina ikuchita bwino ndi zopepuka zothamanga, ina ikuzikana n'kukonda zolemera zoyenda modekha ngati Lightfield, ya magireni 546 pa mafiti 1,450. Ngakhale mfuti ziwiri za mtundu umodzi, zogulidwa tsiku limodzi, zimasiyana. AccuTip ili pakati, magireni 385. Palibe amene angadziwe ali pa kaunta. Pepala ndi limene limayankha.

aMwale: Koma Lightfield ikadutsa mayadi 100 imagwa kwambiri, ndipo mphepo ya m'minda ya kumpoto kwa Ohio mukuidziwa.

aPhiri: Zoona. Koma chipolopolo chimene umadziwa pomwe chigwere chimaposa chothamanga chimene lero chili kumanja mawa kumanzere. Yamikani awafunse bambowo mtunda umene amaomberapo kwenikweni.

aMwale: Pamenepo tagwirizana. Ndipo awafunse mtunda wopima, osati wa m'maso. Ambiri akati mayadi 150, tikapima ndi chipangizo chopimira mtunda timapeza sanafike 100.

aNkhoma: Ine ndiyankhula ngati wosenda nyama. Sabata yotsegulira mbawala zimadzaza mufiriji mpaka pakhomo, ndipo ndimaona zimene chipolopolo chilichonse chachita. Foster ikamenya fupa la mwendo wakutsogolo imaphwatalala, nthawi zina kusweka, ndipo ndimadula nyama yambiri kuzungulira bala n'kutaya, chifukwa tizidutswa ta mtovu sitioneka tonse ndi maso. Mu 2008 ku North Dakota ndi Minnesota anachita kuchotsa nyama ya mbawala m'malo ogawa chakudya kwa osowa atapeza mtovu mu nyama yogaya. Za mkuwa zimatseguka ngati duwa, sizisweka, ndipo kawirikawiri zimatulukira mbali inayo. Bala lotulukira limathandizanso kutsata magazi kukada. Ngati bambowo ali ndi zidzukulu zodya nawo nyamayi, Trophy Copper, yomwe ndi ya mkuwa, ikhale m'gulu loyesa. Ikakana mfutiyo, chabwino, koma iyesedwe.

Nabanda: Yang'ananso zolembedwa pa mpope za kutalika kwa chamber, malo olowa chipolopolo, musanatsegule bokosi lililonse. Chizolowezi chimenechi usachitaye ngakhale mfuti ukuidziwa, chifukwa chipolopolo cha 3 inch mu chamber ya 2¾ ndi ngozi. Ndipo ngakhale mpope utalola 3 inch, kwa munthu wachikulire ine ndingasankhe 2¾. Liwiro limasiyana pang'ono, koma kuphewa kusiyana kumamveka.

aMwale: Kapena ungowagulitsa rifle ya .350 Legend nkhani ithe. Ohio inaloleza ma rifle a straight-wall (a zipolopolo za chikhokho chowongoka) posaka mbawala kuyambira 2014, ndipo chibwerereni .350 mu 2019 anthu ambiri apachika mfuti za slug. Siipweteka phewa, zipolopolo zake n'zotchipa.

aPhiri: Chaka chamawa mwina. Munthu wabwera akuganiza kuti tamubera, ife n'kumuuza kuti atulutse ndalama zina? Akonzeredwe chimene anagula, aone ndi maso ake kuti chikugwira ntchito. Akadzafuna rifle adzabwera yekha kwa Yamikani.

Yamikani: Ndalankhula ndi abwana. Avomera kuti kutsuka kukhale kwaulere, ndipo sitolo ipereke bokosi limodzi loyesera, ena awiri agule bambowo. Ndawaimbira foni. Poyamba amakana, koma nditawatumizira chithunzi cha mtovu umene wagwa pa pepala anangoti "zonsezi zinali mkatimo?" Akuti amakhala pa stand, malo odikirira nyama, m'mphepete mwa nkhalango, ndipo mtengo umene mbawala zimadutsapo anaupima, ndi mayadi 80. Tikumana ku renji Loweruka m'mawa.

Nabanda: Pita ndi kansalu ndi ndodo yotsukira. Mukamasintha mtundu, pukutani pulasitiki yotsalira. Lembani dzina la chipolopolo pa pepala lililonse musanalipachike, mukapanda kutero pobwerera mukangana.

Yamikani: Akuluakulu, tabwerako. Sikuluwu yomangira mpope inalidi yokhwefuka, ndipo sikuluwu imodzi ya sikopu inkazungulira ndi zala. Tinayamba pa mayadi 50, zitatuzitatu, bambowo atagwira kutsogolo monga ananenera achemwali. Mitundu yonse itatu inakhala pa pepala. AccuTip ndi Trophy Copper zinaunjikana bwino kwambiri, mabowo a Trophy Copper awiri anachita kukhudzana. Pa mayadi 100 ziwiri zotsala za mkuwazo ndinaziphimba ndi chikhatho. Asankha zimenezo, anena okha za adzukulu awo. Za kubweza mpope sanazitchulenso.

aNkhoma: Zasangalatsa. Awuze alunjike kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pa mapapo, nyama ya mwendo ipulumuke.

aPhiri: Wagwira ntchito, mphwanga. Chatsala n'chimodzi. Mabokosi amene agule osakira akhale a lot number (nambala ya gulu lopangidwira limodzi) imodzi ndi limene mwayesera, nambalayo ili pa chivindikiro cha bokosi chakumapeto. Ndipo asatsukenso mpope mpaka mbee asanapite kutchire, chifukwa chipolopolo choyamba cha mu mpope wonyowa mafuta chimakonda kugwa pena. Aombere chimodzi kapena ziwiri, ausiye choncho. Uwakumbutsenso pulagi ya mu magazine yochepetsa zipolopolo zolowamo, Ohio salola zipolopolo zopitirira zitatu mu mfuti posaka mbawala.

Yamikani: Pulagi ilimo, ndinayang'ana. Za lot number, pa shelefu patsala mabokosi awiri okha ofanana, ndawabisira kuseri kwa kaunta, abwera kudzatenga Lolemba. Ndapemphanso abwana kuti tilekanitse shelefu, za mpope wosalala kwaokha, za mpope wa mizere kwaokha, ndi chikwangwani chachikulu. Achemwali, chija munapachika ku renji chofotokoza kusiyana kwa mitundu iwiriyi, mungandijambulire kuti ndikawaonetse mawa?

Nabanda: Ndikujambulira ndikangofika m'mawa.