Preamp ya mavalavu kuno ku Tete: nditenge Dynaco yakale kapena yatsopano?

Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndimakhala ku Matundo, kutsidya kwa Zambezi. Ndili ndi galamafoni, mambale a marrabenta ndi rumba amene malemu bambo anga anasiya, ampulifaya ya matransisita ndi masipika awiri. Chikusowa ndi preamp, chipangizo chokweza mawu a galamafoni asanalowe mu ampulifaya, ndipo mtima wanga uli pa ya mavalavu, timababu tagalasi tokweza mawu tija.

Msuweni wanga ku Johannesburg wandipezera Dynaco PAS-3, ya ku America ya m'ma 1960, yokhala ndi mavalavu anayi a 12AX7, omwe ku Ulaya amawatcha ECC83. Polowetsa galamafoni ili napo kale. Inayo ndi yatsopano ya ku China, yotsikirapo mtengo, koma phono stage yake, gawo lolandira mawu a galamafoni, n'kugula padera.

Chimene chandisowetsa tulo ndi ichi. Kwa mmisiri wina wa mawailesi ku Moatize tinaika mbale imodzi, iye n'kumasintha mavalavu. Ataika mavalavu akale a kampani ya Mullard, opangidwa ku Blackburn ku England, mawu a woimba ananenepa, besi n'kumafika pachifuwa penipeni. Ataika a kampani ya Telefunken zonse zinayera mbee, chisekese chimamveka pachokha, ngakhale chala chikamatsetsereka pa nsambo ya gitala. Atsopano a kampani ya JJ ya ku Slovakia sanali oipa ayi, koma sanandigwire mtima. Ndiye kusiyanaku n'koona, kapena khutu limangotsatira dzina limene diso lawerenga pagalasi? Ndalama zanga n'zokhetsera thukuta, sindifuna kugula dzina. Komanso kuno Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, magetsi kwathu amakwera ndi kutsika. Chipangizo chakale chingapirire?

Wa ku Ulongwe: Achimwene, za mavalavu zidikire kaye. Funsani msuweni wanuyo ayang'ane kumbuyo kwake. Zambiri za ku America n'za 120V, ife tili pa 220V, ndiye popanda thiransifoma yotsitsa magetsi mupsereza tsiku lomwelo. Chachiwiri, makapasita, tizipangizo tosunga magetsi, a zaka zoposa 50 amakhala atauma, ndipo muli selenium rectifier, kachipangizo kakale kowongola magetsi, imene anthu ambiri amaichotsa n'kuika ma diode ogwira ntchito yomweyo. Koma chachikulu n'chakuti PAS-3 anaipangira ampulifaya ya mavalavu, ya input impedance yokwera kwambiri, ndiko kuti polowera pake sipakoka magetsi ambiri kuchokera ku preamp. Mukailumikiza ku ya matransisita ya impedance yotsika, ngati 10k kapena 47k, besi imene mwaikondayo imachepa, kaya muikemo Mullard wa mtengo wanji.

Wokonza mawailesi ku Zóbuè: Kusiyana kulipo, bambo, koma n'kochepa kuposa mmene ogulitsa amakokomezera. Valavu imodzi ikangokweza mawu pang'ono, khutu limati ndiyo yokoma. Bwererani ku Moatize, mulinganize volume ndi mita, mutembenuke, mnzanu azisintha osakuuzani. Mukaizindikira Mullard mobwerezabwereza, gulani.

Achinyengo nawo achuluka. Telefunken weniweni ali ndi kachizindikiro ka dayamondi kodindidwa m'galasi momwe, pansi pakati pa timiyendo, osati kolemba ndi penti. Dzina la Mullard lilinso pa mavalavu atsopano opangidwa ku Saratov ku Russia. Ndi abwino ndithu, koma musawalipire mtengo wa a ku Blackburn. Yang'ananinso pamwamba pa galasi: pazikhala ponyezimira ngati siliva. Pakayera ngati ufa, mpweya unalowa, valavuyo yafa. Ikuyaka, igogodeni pang'ono ndi pensulo. Ikamalira m'sipika, pa phono ikuvutitsani.

Mayi wa ku Songo: Kutentha kwa kuno valavu sikuiopsa, imatentha kale yokha kuposa dzuwa lathuli. Ovutika ndi makapasita. Preamp musaitsekere m'kabati, musaiphimbe ndi nsalu ikuyaka, muzipukuta fumbi, ndipo stabilizer yokhazikitsa magetsi mugule musanagule valavu iliyonse yodula. Chonde mkati musapisemo dzanja, mumadutsa mavolti oposa 300 ndipo makapasita amasungabe moto ngakhale mutazimitsa. Ana asamaifikire.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndayang'ana buku la ampulifaya yanga, pa input impedance palembedwa 47k. Msuweni uja akuti kumbuyo kwa Dynaco kwalembedwa 120V. Ya ku China ija akuti ili ndi mavalavu a 6N2P. Kodi mmenemo ndingadzaikemo Mullard ndikapeza ndalama?

Wa ku Ulongwe: Ayi achimwene, musangosomeka. 6N2P imakweza mawu mofanana ndi 12AX7 ndipo imalowa pa soketi yomweyo, koma mawaya a heater, kawaya kotenthetsa valavu, analumikizidwa mosiyana, mpaka mmisiri asinthe. Pa 47k yanuyo ine ndikanafuna preamp ya 220V yokhala ndi mavalavu a ECC82 kapena ECC88 potulukira mawu, phono stage ya ECC83 padera. Mullard awiri mudzaike mu phono, mpamene mawu ochokera ku singano amakhala aang'ono kwambiri. Tumizani chithunzi cha mkati mwa ya ku Chinayo tione kaye.