Ana asukulu aku Scotland akubwera kudzamanga buloko kwathu, tikonzekere bwanji?

NaBanda_komiti:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndili mu komiti ya sukulu ina ya pulayimale cha ku msewu wa Mchinji kuno. Ahedi atiuza kuti mu Julaye kubwera ana asukulu ochokera ku Scotland kwa masabata awiri, akuti asonkha ndalama kwawoko kuti adzamange buloko ya makalasi awiri. Ife takondwa ndithu chifukwa sitandade 2 imaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, kukangochita mitambo basi ana aweruka. Koma ana a zaka 17 amanga chani pa masabata awiri? Tiyambiretu ndi amisiri athu kapena tidikire eni ndalamawo?

Folomani_wa25:
Mayi musadikire, ndawonapo ine zimenezi. Maziko akumbidwiretu, silabu ithiridwe, ndipo muziithirira madzi mmawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu apo ayi isweka. Akamafika anawo apeze khoma lili pa windo. Iwo apatseni wilibala, asefe mchenga, aponde matope, anyamule mabuloko, apake laimu ndi penti. Chingwe ndi levulo zikhale mmanja mwa mmisiri basi. Gulu lina tinalisiyira khoma tsiku limodzi, linapindika ngati nthochi, tinagumula madzulo iwo atapita kogona nkumanganso, mmawa akujambulitsa pomwepo akusangalala kkkk sitinawauze. Chinanso musawumbitse njerwa zootcha, boma linaletsa mu 2018 pa zomanga ngati masukulu chifukwa mitengo yatha, pitani pa mabuloko a simenti kapena aja opsinja ndi makina.

Chimzy:
Ine ndiye zimandinyasa. Tiketi ya ndege ya mwana mmodzi kuchoka Glasgow kudzatera pa Kamuzu ikhoza kulipira amisiri angati? Anyamata ali mbwee pa Nsungwi ndi zipangizo zawo kusowa ganyu. Angotumiza ndalamayo bwanji.

Mphunzitsi_wakale:
A Chimzy mukunena zoona pena, koma ndalamayo imasonkhedwa chifukwa choti anawo akubwera, amaphika makeke kugulitsa, kutsuka magalimoto chaka chonse, muwauze kuti khalani konko mungotumiza muone ngati ifike theka. Ubale ndi Scotland si walero, unayambira kwa Livingstone mu 1859, ndipo maboma awiriwa anasainirana mgwirizano mu 2005. Vuto la makalasi nalonso ndi lakale, chiyambire pulayimale yaulere mu 1994 ana anachuluka kuposa zipinda, ine ndinaphunzitsapo kalasi yoti bolodi tinkalitsamiritsa pa tsinde la mtengo.

Mayi NaBanda, chachikulu lembani zonse asanabwere. Malata, mapulanga, zitseko ndi madesiki agula ndani? Chifukwa alendo akakwera ndege khoma lili pa lintolo, mvula ya Novembala ikupezani opanda denga. A ofesi ya maphunziro adziwe, amfumu adziwenso. Ndipo muwauze atenge majuzi, amaganiza kuti kuno nkotentha chaka chonse, Julaye wa ku Lilongwe adzawaonetsa.

NaBanda_komiti:
Zikomo nonse. Za malatazo sitinafunse nkomwe eee, mawa ndikawapeza ahedi. A Folomani, silabu ya makalasi awiri imadya matumba angati a simenti? Amfumu akuti mchenga ndi madzi atuta makolo.