Kodi nyimbo za a Daniel Kachamba ndi zathu kapena ndi za ku Joni?

Wofunsa wa ku Mchinji

Akuluakulu, ndikupempha kuti inu amene mukudziwa bwino mbiri ya oimba akale mundithandize pa nkhani imene tasemphana maganizo ndi mnzanga. Iye akunenetsa kuti a Daniel Kachamba sitiyenera kuwaika m'gulu la anthu amene anakhazikitsa maimbidwe a Chimalawi, chifukwa kwela imene ankaimba inachokera ku South Africa ndipo iwo ankangotsanzira zimene anamva pa galamafoni. Ine ndikamvetsera nyimbo zawo ndimamva Chichewa cha kumudzi ndi kaimbidwe ka kwathu kuno, koma ndilibe mfundo zokwanira zoti ndimuyankhe nazo. Kodi zoona zake n'ziti?

Mphunzitsi wopuma wa ku Lunzu

Bambo, mnzanuyo sananame ponena za kumene kwela inachokera, koma walakwitsa poganiza kuti nkhani yonse yathera pomwepo. Kwela inabadwira m'makomboni a ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, pamene anyamata ankaimba zitoliro zachitsulo zotsika mtengo m'mphepete mwa misewu, ndipo amene anatchuka nayo kwambiri ndi Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso. Nyimbozo zinafika kuno kudzera m'mbale za galamafoni zimene ankabwera nazo anthu amene anapita kukagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, komanso kudzera ku Salisbury, komwe masiku ano ndi ku Harare, kumene Amalawi ambiri ankakhala m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

A Daniel Kachamba anabadwa mu 1947, ndipo kwawo ndi m'mudzi mwa Singano ku Chileka. Bambo awo, a James Kachamba, nawonso anali woimba gitala, ndipo banjali linakhalako ku Salisbury kwa zaka zingapo, kotero kuti a Daniel anakula akumva gitala m'nyumba ndi kwela pamsewu. Atabwerera kumudzi anayamba kuimba pamodzi ndi mng'ono wawo a Donald, amene anali katswiri wa chitoliro akadali mwana, ndipo ankaimba m'misewu ya Blantyre kuti apeze ndalama. M'misewu yomweyo ndi mmene katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, a Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967 n'kuwajambula mawu ndi kanema. Mu 1972 a Daniel anakaimba ku Ulaya, pa nthawi imene woimba wa kumudzi kukwera ndege chifukwa cha gitala zinali zosamveka n'komwe. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha.

Woimba gitala wa ku Ndirande

Ine ndiyankha ngati munthu amene ndimakhala ndi gitala m'manja, chifukwa yankho la funso lanu lili m'zala kuposa m'mabuku. Aliyense amene anayesapo kuimba nyimbo za a Kachamba monga mmene eni ake ankaimbira amadziwa kuti gitala wa nsambo zisanu ndi imodzi sakupatsa mamvekedwe aja. Iwo ankachotsa nsambo imodzi n'kutsala ndi zisanu, ndipo ankazikunga m'njira zawozawo malinga ndi nyimbo. Chala chachikulu chinkayendetsa mawu a besi pamene cha mkombaphala chinkatola mawu apamwamba, moti munthu womvera pa wailesi ankaganiza kuti akuimba ndi anthu awiri kapena atatu pamene woimbayo anali mmodzi. Munthu wongotsanzira sangafike posintha chida chimene akuimbira kuti chilankhule zimene iye akufuna.

Za chitoliro cha a Donald nazonso n'zofunika kuziona bwino. Oimba kwela sagwira chitoliro mowongoka monga mmene ana amachitira kusukulu, koma amachilowetsa kwambiri m'kamwa n'kuchipendeketsa chakutsaya, ndipo potero mawu amatuluka okhuthala komanso woimbayo amatha kuwapinda kuti atsike kapena akwere pang'ono. Luso limenelo linachokeradi ku Joni, ndipo sindikutsutsa. Koma pansi pa chitolirocho panali maseche ndi besi ya nsambo imodzi yokhomedwa ndi bokosi ndi mtengo, imene ife timaitcha babatoni, ndipo pamwamba pake panali mawu a Chichewa okamba za maukwati, maliro, mowa ndi umphawi wa m'midzi yathu. Komanso a Daniel sankaimba kwela yokha, chifukwa ankaimbanso sinjonjo, rumba ndi simanjemanje.

Mayi wokhala ku Johannesburg

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene abambo awiriwa anena, komabe ndikuona kuti tisathamangire kumunyoza mnzanuyo, chifukwa ife Amalawi tili ndi chizolowezi chofuna kuti chabwino chilichonse chikhale kuti chinayambira kwathu. A Kachamba sanayambitse kwela, ndipo kuvomereza zimenezi sikuwachotsera ulemu. Chimene ndaona pokhala kuno n'chakuti kwela ya chitoliro inazilala msanga kwawo komwe, italowedwa m'malo ndi nyimbo ya mbaqanga ya magitala amagetsi m'zaka za m'ma 1960, ndipo achinyamata ambiri a kuno amangoidziwa ngati nyimbo za agogo awo. Ku Chileka ndiye kumene inapitirira kuimbidwa ndi kupekedwa mwatsopano kwa zaka zambiri pambuyo pake. A Donald anafika poitanidwa kukaphunzitsa maimbidwe amenewa ku yunivesite ya California ku Los Angeles mu 1999, asanamwalire mu 2001. Choncho ndingamufunse mnzanuyo kuti: ngati eni ake anaisiya ndipo ana a ku Singano anaisunga, n'kuiveka chilankhulo chawo, n'kukaiphunzitsa kunja, tinganenebe kuti ndi yobwereka?

Mphunzitsi wopuma wa ku Lunzu

Mayi mwanena zoona, ndipo ndingowonjezera kuti funso lomweli likhoza kufunsidwa za a Evison Matafale ndi gulu la Black Missionaries, amenenso ndi a ku Chileka konko. Rege ndi ya ku Jamaica, koma sindinamvepo munthu akunena kuti nyimbo za a Matafale si za Chimalawi. Chimene chimandidandaulitsa ine n'chakuti zambiri zimene zinajambulidwa za abale awiri a Kachamba zinasungidwa bwino ku Vienna kuposa kwathu kuno. Bambo wa ku Mchinji, ngati mukufuna umboni wogwirika woti mumuonetse mnzanuyo, fufuzani kanema amene a Kubik anajambula mu 1967 uja, ndiponso zolemba za a Moya Aliya Malamusi, katswiri wa za nyimbo wochokera m'mudzi womwewo wa Singano, amene anagwira ntchito yaikulu yosonkhanitsa nyimbo ndi zida zoimbira za m'chigawo cha kummwera.