Mwala wabuluu wochokera ku Karoi: aquamarine kapena topaz?

Wogula miyala, Mbare (ku Harare): Akuluakulu, ndithandizeni msanga. Mnyamata wina wabwera ndi miyala isanu yabuluu, akuti yachokera ku Mwami, cha ku Karoi kuno ku Zimbabwe, ndipo akulumbira kuti yonse ndi aquamarine. Inayi ing'onoing'ono sindikuikayikira kwenikweni, koma waukuluwu ukulemera m'dzanja kuposa msinkhu wake. Ndakandira botolo, yonse ikukanda. Mwini wake akubwerera kumudzi mawa.

Wosema miyala, Msasa: Achimwene, botolo silingakuuzeni kanthu pamenepa. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala wochokera pa 1 mpaka 10, galasi ndi 5.5, quartz 7, aquamarine 7.5 mpaka 8, topaz 8, ndiye yonse ikanda basi. Yang'anani thupi la mwalawo. Aquamarine imamera ndi mbali zisanu ndi imodzi ngati pensulo. Topaz mukaiyang'ana kuchokera pamwamba imaoneka ya mbali zinayi zopendekera. Nanga kunsi komwe unathyokera kuli bwanji?

Wogula miyala, Mbare: Kunsi kuli see, kosalala, kukunyezimira.

Wosema miyala, Msasa: Topaz ndi imene imang'aluka choncho. Aquamarine ikathyoka imasiya malo okhotakhota.

Mayi wa mphete ndi ndolo, Avondale: Bambo, maso amanama, sikelo ndiyo idule mlandu. Tengani kasikelo kanu ka golide kaja. Pimani mwala uli wouma, lembani. Kenako ikani kapu ya madzi pasikelo, bwezani pa ziro. Mangani mwalawo ndi ulusi wopyapyala, muumize wonse m'madzi ukulendewera, usakhudze pansi kapena m'mbali mwa kapu. Mukaona timathovu takakamira kumwala, gwedezani ulusi tichoke, chifukwa timasokoneza nambala. Gawani kulemera koyamba kuja ndi nambala yachiwiriyi. Aquamarine imabwera pafupi ndi 2.7, topaz pafupi ndi 3.5. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, simungasokonezeke.

Wogula miyala, Mbare: Zikomo mayi, ndachita. Wouma 21.2 g, m'madzi 6.0 g. Ndapeza 3.53. Ing'onoing'onoyi ikusewera pa 2.6 ndi 2.7.

Mkulu wakale wa migodi, Highfield: Ndiye waukuluwo ndi topaz, nkhani yatha. Komatu musamukalipire mnyamatayo, mwina naye sakudziwa. Ku Mwami miyala iwiriyi imatuluka m'dera limodzi, ndipo mgodi wa St Ann's unatchuka dziko lonse lapansi chifukwa cha topaz yabuluu yachilengedwe. Ifenso tinazolowera aquamarine ya ku Mzimba, tikangoona buluu timathamangira dzina lomwelo. Mutu wa mwalawo uli wonse?

Wogula miyala, Mbare: Eya agogo, nsonga yake ndi yathunthu, palibe pobenthuka.

Mkulu wakale wa migodi, Highfield: Chonde musaudule, musaugogode ngakhale pang'ono. Topaz yodula ndi yotchipa chifukwa yabuluu yambiri pamsika ndi yoyera imene anaisintha mtundu m'makina, koma yathunthu chonchi anthu osunga miyala amaifuna ili momwemo. Ukulungeni pawokha m'kansalu, usagundane ndi inzake m'thumba.

Mayi wa mphete ndi ndolo, Avondale: Nkhawa yanga ili pa inayi ija. Quartz ndi 2.65, ndipo pa timiyala tating'ono kasikelo ka m'thumba sikangailekanitse ndi aquamarine. Galasi nalonso limafika manambala amenewo. Iwalitseni ndi tochi, muyang'ane ndi loupe, kagalasi kokulitsira zinthu: timathovu tozungulira mkati ndi galasi limenelo. Zotsalazo zifuna refractometer, makina opima mmene kuwala kumapindikira m'mwala: aquamarine imawerenga cha pa 1.58, quartz cha pa 1.55.

Wosema miyala, Msasa: Makinawo ndili nawo, koma amafuna mbali yosalala, ndiye ndidzapukuta kambali kamodzi pa uliwonse mwini wake akalola. Bwerani naye m'mawa asanakwere basi. Mufunsenso mapepala a komwe miyala yachokera musanatulutse ndalama, chifukwa yotumiza kunja imadzera ku MMCZ, bungwe la boma loyang'anira kugulitsa miyala kunja.

Wogula miyala, Mbare: Ndamuimbira, wavomera. Tifika cha m'ma 8 koloko.