Thandizeni: cello ya mkwatibwi ikukana kulumikizana ndi nyimbo yovina

Moni nonse pa gulu lino. Ndine DJ wa kuno ku Zomba, ndimaimba m'maukwati ndi m'zinkhoswe ku Chinamwali, ku Matawale mpaka ku Domasi. Loweruka likubwerali ndili ndi ukwati umene wandisowetsa tulo.

Mkwatibwi wapempha kuti polowa mu holo ndimuikire The Swan ya Saint-Saëns, wopeka nyimbo wa ku France, ya cello (choimbira cha zingwe chonga vayolini wamkulu) ndi piyano. Ndinali ndisanaimvepo. Nditaimvera pa mahedifoni usiku thupi linachita tsemwe, cello ija imayimba ngati munthu wolankhula chapansipansi. Koma akuchimuna akufuna kuti akangofika kutsogolo ilowe nyimbo yotamanda yovinika, amayi aimbe nthungululu. Nyimbo yawoyo ili pa 98 BPM (kugunda 98 pa mphindi imodzi), mu kiyi ya D major.

Pa kiyi sindikuona vuto. The Swan ili mu G major, imene pa Camelot (tchati cha ma DJ choonetsa makiyi ogwirizana) ndi 9B, ndipo D major ndi 10B, ndiye n'zoyandikana. Chikundivuta ndi liwiro. Pulogalamu yanga ikupereka BPM yosiyana pa rekodi iliyonse, ndipo mizere ya grid, yoonetsa pamene nyimbo ikugunda, siikugwera pamalo amodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndikadina sync, batani lofananitsa liwiro la nyimbo ziwiri, cello imamveka ngati ikuyimbira pansi pa madzi. Kodi ndiikokere bwanji pa 98 osaiononga? Mwanayu anaisankha ndi mtima wake wonse, sindikufuna kumuonongera tsiku lake.

Mayi wophunzitsa piyano, Zomba:
Achimwene, sync isiyeni kaye. Nyimboyi inalembedwa mu 6/4, kutanthauza kuti bala (kachigawo ka nyimbo) iliyonse ili ndi kugunda kasanu n'kamodzi, pomwe yovinayo ikuyenda kanayikanayi. Ngakhale manambala a BPM atafanana, sizingaponde limodzi. Chinanso, woyimba cello amachedwetsa pena, pena n'kufulumira pang'ono monga momwe mtima ukumuuzira, ndipo woimba piyano amamutsatira. Timati rubato, ndipo kukoma kwa nyimboyi kuli pamenepo. Kompyuta ikufunafuna ng'oma yomwe mulibe. Saint-Saëns anailemba mu 1886 ngati gawo la Carnival of the Animals, ndipo pa magawo onsewo ndi lokhali limene analola kuti lisindikizidwe iye ali moyo. Musaithyole msana.

DJ wa ku Blantyre:
Mayi anena zoona. Ine ndikuonjezera za kiyi, poti mwati palibe vuto. 9B imene mwaonayo ndi ya poyambira ndi pothera. Chapakati nyimboyi imasuntha kupita m'makiyi ena isanabwerere kwawo ku G, ndiye mukalowetsa yachiwiri pakatipo zidzakandana ngakhale Camelot ikuti zili bwino. Komanso samalani ndi pitch, kukwera kapena kutsika kwa mawu. Key lock, batani logwira kiyi kuti isasunthe, ikakhala yozima, kukweza liwiro ndi 6 peresenti kumakweza nyimbo pafupifupi semitone imodzi (sitepe imodzi pa kiyibodi), G wanu n'kukhala A flat, amene ndi 4B. Ikakhala yoyaka kiyi sisuntha, koma mawu aatali a cello amanjenjemera moipa mukakoka kwambiri. Ndi madzi mukunena aja.

Mwini funso:
Zikomo akulu, tsopano ndamvetsa chimene chimachitika. Nanga ndilowe pati? Ndikuopa kuti ndikaidikira ithe, mu holo mudzangoti zii, anthu n'kumaganiza kuti magetsi azima.

Mayi wophunzitsa piyano, Zomba:
Imvereninso kumapeto. Cello imagwira G wautali, piyano n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kutsekera mwakachetechete. Khomo lanu ndi limenelo. Nyimbo yonse imatenga mphindi pafupifupi 3, choncho yesani ndi mkwatibwi Lachisanu muone ngati kuyenda kwake kukukwanira. Ngati holo ndi yaifupi, aime kaye pakhomo cello iyambe yokha, kenako ayambepo. Bata la masekondi awiri lisakuopseni. Mwana akaima kutsogolo atavala zoyera, amayi eni ake adzalidzaza ndi nthungululu.

Woimba kiyibodi ku tchalitchi:
Ngati pali wa kiyibodi pa ukwatipo, mupempheni agwire kodi ya G mofewa piyano ikamatha, kenako apite pa A, basi D yatseguka ndipo nyimbo yanu ikhoza kulowa. Ife timatero posintha nyimbo mapemphero ali mkati. Chenjerani chimodzi: marekodi ena a ku Ulaya amachunidwa mokwera pang'ono, pa 442 Hz osati 440, ndiye yesani kiyibodi pamodzi ndi rekodiyo, ngati zikusiyana musinthe pa tuning.

DJ wa ku Blantyre:
Ngati palibe wa kiyibodi, ikani reverb (yopangitsa mawu kumvekabe ngati m'chipinda chachikulu) pa kodi yomaliza italike, muyambe yovinayo pa intro yopanda ng'oma, bass ili pansi. Ng'oma zilowe MC akati tiwalandire.

Mwini funso:
Ambuye akudalitseni nonse. Ndayesa pompano kunyumba, ndaisiya ithe yokha, ndaika reverb, yachiwiri yalowa pa intro, ndipo mkazi wanga amene anali kukhitchini wabwera kudzafunsa kuti ndi nyimbo yanji. Wa kiyibodi alipo, ndamuimbira, tikumana Lachisanu madzulo ku holo pamodzi ndi mkwatibwi. Funso lina laling'ono mayi: masipika anga amakonda kukweza bass, kodi pa cello ndiichepetse kapena ndingosiya EQ, pochepetsera kapena kukwezera bass, pakati?